Masanzi pa Nsalu ya Chipani

Lole yonyamula amayi okavina kumsonkhano wa chipani ku Balaka itangogwera m'dzenje pa Phalula, Lukiya anasanza. Masanziwo anathera pansalu yake ya chipani, pankhope penipeni pa Mtsogoleri.

Nyimbo inadukira pomwepo.

Pathupi pake panali poyamba, anali asanadye kanthu, ndipo fungo la dizilo linamuutsira mseru chikwerereni. Nawonso mayi ake ankasanza chomwechi ali ndi pathupi pa mapasa.

Wayufi, mnyamata wa chipani wa malaya ofiira amene ankawaperekeza, anasendera pafupi. "Amayi, nkhopeyi ikukunyansani eti?"

Lukiya anayang'ana apongozi ake, Abiti Chande. Pathupi poyamba sapatchula pagulu anankungwi asanakulange.

Apongoziwo anamasula mpango kumutu n'kuyamba kupukuta nkhope ya pansaluyo, osati ya Lukiya.