Mapiritsi Pansi pa Pilo

"Ndamwa, mayi a mwana."

"Mwamwa? Nanga awa ndi mikanda?"

Mkazi wa telala anatambasula dzanja, muli mapiritsi asanu amene anawapeza pansi pa pilo. Telala anagona chammbali, thukuta lili kamukamu. Chimuchitireni opaleshoni ya matenda a mudzi, kukhala pansi kunali ngati kukhalira singano zake zomwe.

"Adokotala anati opha tizilombo awa akuthandizani kupola msanga, ululu uthe. Mukudzizunziranji?"

Telala anayang'ana kuseri kwa chitseko. Sutikesi inali pomwepo, yolongedza kale. Mkaziyo anali atanenetsa kuti angodikira mankhwalawo athe, kenako azipita kwawo, banja lithere pomwepo.

"Yankhanitu, bambo inu."

"Ululu ndipirira," anatero telala. "Mankhwalawa akatha munyamuka. Ine ndikufuna mukhale."