Kabati Yomata Phula

"Bambo a Yamiko, mukumata phula kabati ngati bwato?" adafunsa Agnesi, akuseka mwamuna wake.

"Sekani, mayi," adayankha Sebastiano, yemwe ankakonda kupalapala matabwa akaweruka kumunda. Madzi osefukira a chaka chatha adamuchititsira dzimbiri sowo ndi puleni. "Ulendo uno ngakhale dontho silikhudza zida zanga."

Adatseka kamng'alu kalikonse, nalongamo zida zonse, naiimika pachisakasa.

Shire atasefukira, banjalo lidathawira kumtunda. Pobwerera kwawo ku Nyachikadza adapeza mipando ili phwii m'matope, koma kabati palibe. Msodzi wina adati adaiona ikuyandama bwinobwino, ikulowera ku Mozambique.

Sebastiano adangogwira pakamwa.

"Musadandaule, bambo," adatero Agnesi. "Kumeneko zida zanu zafika zouma."