Khanda la M'botolo

Botolo lija Nasibeko ankalisunga mumtsuko wa madzi, pozizira. Munali timaselo, tizidutswa tosaoneka ndi maso ta thupi la mwamuna wake Lufeyo, amene maso ake anafa. Adokotala anatipala pamkono pake n'kutibweza ku ukhanda, kuti tikule tisanduke diso latsopano. Koma lamulo linkati njira iliyonse yotere iyambe yayezedwa, aone ngati ndi yatsopanodi kapena ili kale ndi mwini wake. Woyeza asanavomereze, diso silingaikidwe.

Nasibeko anati khanda ndi khanda basi. Anasiya kuthira mchere m'ndiwo, mphasa n'kumayala ziwiri.

"Mayi, tizidikira ndi botolo lomwe?" anadandaula Lufeyo.

"Wofuna kuona ndinu. Gonani uko."

Woyeza anabwera pa njinga yamoto, bambo waulemu wake koma wotopa.

"Botololi ndilitengera kutauni, amayi, makina akaliunike."

"Libwerako liti?"

"Mzere ngwautali. Mwina dzinja."

Nasibeko anakumbukira botolo la a Nagama oyandikana nawo, lomwe linaumira pashelefu mzere usanafike. Anavuula lake mumtsuko, analikulunga m'kansalu konyowa, n'kuliberekera kumbuyo ndi chitenje, mfundo pachifuwa.

"Khanda silipita kwa eni lokha, achimwene. Sunthani ndikwere. Ndikakhala pakhomo pa ofesi yanuyo mpaka muliyeze."

Woyeza anayang'ana mfundo ija, nasendera kutsogolo.

"Nanga ine?" anakuwa Lufeyo ali pakhonde, nkhope italoza kolakwika.

"Mverani njingayi bwinobwino, bambo," anayankha Nasibeko. "Ikamadzabwerera mudzachita kuiona."