Wotchi Imodzi, Okumba Mchere Atatu

Panali munthu wina, mtolankhani wongoyamba kumene, amene anzake ankamutcha Changu chifukwa chilichonse ankachita ngati akuthamangitsidwa. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi msuweni wake.

Changu anapeza mwayi umene bungwe lina limapereka kwa atolankhani atsopano: kupita kunja kukalemba nkhani zimene manyuzipepala amaziiwala. Yake inali ya anthu okumba mchere. Lamulo linali limodzi: ukangolemba bodza, mwayi watha, dzina lako lada.

Asananyamuke, mkonzi wake, mayi wa magalasi a chingwe, anamutsina khutu. "Mwanawe, nkhani siibwera ku hotela. Ukadetse nsapato."

Atafika ku hotela m'dzikolo, anakumana ndi woyendetsa takisi wa pakamwa pa shuga, amenenso ankamumasulira chinenero. "Bwana, kokumba mchereko n'kutali, fumbi lokhalokha. Inu khalani, ndikubweretserani okumbawo pompano."

Changu anangoti Mulungu apatsenji. Kwa masiku atatu wa takisi ankabwera ndi munthu mmodzi patsiku: woyamba wa chipewa, wachiwiri wa mpango kumaso, wachitatu wa magalasi akuda. Onse ankadziwa kulira. Changu ankajambula uku akupsontha tiyi. Atamaliza, anatumiza zonse kwa mkonzi kuti aone kaye asanapereke ku bungwe.

Foni inalira nthawi yomweyo, anali mkonzi uja.

"Changu, kodi okumba mchere akumeneko amabwerekana wotchi? Zithunzi zonse zitatu, wotchi imodzi ya lamba wofiira. Nanga manja osalala ngati a khandawo, amakumba ndi supuni?"

Kunali kutatsala masiku awiri okha kuti nkhaniyo ifike ku bungwe. Changu anakwera basi, kenako njinga, kotsalako wapansi. Anakapeza amayi a mapazi ong'aluka akukokolola mchere padzuwa, ndipo mphunzitsi wa sukulu yapafupi anavomera kumasulira.

Amayiwo ataona zithunzi zija anaseka mpaka kugwira nthiti. "Atatu onsewa ndi munthu mmodzitu, mlamu wake wa woyendetsa takisi wa pahotela uja! Amameta tsitsi pamsika pomwe timagulitsa mchere. Mwezi watha anali msodzi."

Kenako mayi wamkulu pa onsewo anasiya kuseka. "Atolankhani ambiri alemba za ife, mwanangu. Koma woyamba kutiona ndiwe."

Changu anachita manyazi kwambiri. Anakhala pansi, natsegula kope, namvetsera mpaka dzuwa kupendeka. Nkhani yeniyeni inatuluka, mwayi uja unapulumuka. Nsapato zake, zili mbuu ndi mchere, mkonzi anazipachika pakhoma la mu ofesi, ndipo aliyense wongoyamba ntchito amayamba waziona.

Phunziro: Walira mvula walira matope. Ukapeza mwayi, vomera ndi fumbi lake lomwe, ndipo wakutsina khutu usamuone ngati wansanje. Tumizirani anzanu onse okonda zachidule, makamaka amene nsapato zawo zikadali zonyezimira.