Tsiku limene a Zelifa anapita okha ku mpunga

Panali munthu wina kufupi ndi Nyanja ya Chilwa, mbali ya Phalombe, dzina lake a Fletcher. Nkhaniyi anandiuza ndi mlamu wawo Aliness, ndipo ndikulemba monga momwe ndinamvera.

Akazi awo, a Zelifa, ankadwala matenda akugwa. Ankamwa mapilitsi a kuchipatala tsiku lililonse, ndipo kudambo sankapita okha. Aliness, mng'ono wawo, ankawokera mpunga pambali pawo nthawi zonse, poti munthu wakugwa sasiyidwa yekha pamadzi.

Tsiku lina a Fletcher anabwereka buku lakale kwa mnzawo. Analemba bukulo ndi munthu wina woganiza mozama wa dziko lakutali, amene anamwalira kalekale. Iye ankati matenda amayambira m'maganizo, ndipo ukasiya kuwakhulupirira amachoka. A Fletcher anayesera pa mutu umene unkawavuta, mutuwo n'kuleka.

"Mayi a Kate, mapilitsiwa ndi amene akukukumbutsani kuti ndinu odwala," anatero kwa akazi awo. "Asiyeni. M'nyumba muno matendawa tisawatchulenso."

"Nanga ndikagwa, bambo?"

"Mwayambatu kuwaitana."

A Zelifa anasiya. Panatha milungu isanu osagwa, ndipo onse awiri ankayamika Mulungu.

M'mawa wina Aliness anafika atasenza mbande za mpunga.

"Alamu, tulani mbandezo mubwerere," anatero a Fletcher. "Mukamawatsatira achemwali anuwa ngati mlonda, mtima wawo suiwala."

"Alamu, ine buku lanulo sindinawerenge, koma achemwali angawa ndawazulapo m'matope kanayi. Ndiloleni ndikangokhala chapatali."

A Zelifa anaseka, n'kusenza okha mbandezo. "Pita, mng'ono wanga. Kwa zaka zonsezi wandilera ngati khanda. Lero ndione mmene anzanga amayendera."

Masana asodzi odutsa pa njinga anawapeza atagwa chafufumimba, mbande zili m'manja. Madzi ake anali olekeza m'akakolo.

Aliness akuti pamaliro a Fletcher sankamva aliyense. Ankangobwereza kuti, "Kunangosowa wowatembenuza basi. Wowatembenuzayo anabwera, ndinamubweza ndine."

Ambuye awatonthoze bambo amenewa, chifukwa ankawakonda akazi awo.

Phunziro: Maganizo abwino amalimbitsa wodwala, koma salowa m'malo mwa mankhwala kapena mwa m'bale woima pafupi. Musasiyitse munthu mankhwala popanda adokotala. Tumizirani ena uthengawu, mwina wina lero sapita yekha kudambo.