Zotuluka Kuseri kwa Mpanda

Phazi lonse la Evelesi linamira m'chithaphwi.

Chithaphwi chake chinali chakuda bii, fungo lake loboola mphuno, ndipo chinali chitadzaza kanjira kokhako kamene kanatsala pakati pa mipanda iwiri ya njerwa ku Eriya 10. Aliyense wotsika minibasi ankadutsa pomwepo, poti m'mbali mwa msewu waukulu munalibe poponda munthu.

Atazula phazilo, anaona paipi yotulukira pansi pa mpanda ikulavula thovu ndi timpunga. Mpandawo unali wa nyumba imene iye ankagwirako ntchito. Mpungawo anachita kuutsuka yekha m'mbale dzulo lake. 

Pakhonde anapeza abwana ake, Mayi Jere, atatchena suti, galimoto ikulira kale. Ankayeserera zokalankhula kumsonkhano ku Capital Hill.

"Tikufuna mzinda woti munthu aziyenda pansi mosangalala, kuchoka kunyumba mpaka kumsika..." Anadukiza, n'kugwira mphuno. "Iii, Evelesi! Anthu inu ukhondo unakukanani eti? Kavulire kunja kwa geti nsapatozo!"

Evelesi anayang'ana nsapato za abwanawo, zosongoka, zosadziwa dothi. Kenako anayang'ana matailosi oyera amene ankawakolopa chogwada tsiku lililonse.

"Ukundimva? Waponda chiyani iwe?"

"Zanu zomwe, madamu," anatero Evelesi, akukwera pakhondepo ndi nsapato zonse ziwiri. "Zinasochera kuseri kwa mpanda. Ndangozibweretsa kwawo."