Ngalande Imene Mvuu Anaikana

Padangokhala Mvuu amene anali ndi dziwe lalikulu lodzazidwa ndi mtsinje. Chapafupi pankakhala Nkhanu, mwini kasupe wosaphwa wotumphuka pakati pa miyala, pamalo opanikiza poti mlomo wa Mvuu sukanalowapo.

Tsiku lina m'dzinja Nkhanu anati, "Achimwene, tiyeni tikumbe ngalande yolumikiza madzi athuwa dothi likadali lofewa, kuti amene kwamuumira azithandizidwa ndi mnzake."

Mvuu anaseka mpaka makutu kugwedera. "Iwe, ukufuna kundibera dziwe mochenjera? Timadzi takoto sitingandinyowetse ndi mchira womwe!"

M'chilimwe mtsinje unaphwa, dziwe linasanduka matope, ndipo khungu la mwana wa Mvuu linayamba kung'ambika ndi dzuwa. Mvuu anapita kwa Nkhanu atazolika, kukapempha madzi.

Nkhanu sanamunyoze. Anayamba kukumba ngalande ija nthawi yomweyo, koma dothi linali litauma gwaa, mpaka zala zake zinathyoka.

"Madzi alipo, achimwene, ndipo sindikukumanani," anatero misozi ili chuchuchu, "koma podutsa pake palibe."

Mvuu anangoti chilili, akumva madzi akulira kuseri kwa miyala, uku mwana wake akumuitana ndi mawu ofooka.

Nthano yanga yaphwera pomwepa.